Ndinawerenga Dzina Lake Amayi Ake Asanamve

Ine pakamwa panga m'pothamanga, ndipo matenda amenewa sindinawatengere ku wailesi ayi, ndinabadwa nawo. Abambo anga, amene anaphunzitsa ku pulayimale ya kwathu ku Kabudula mpaka kupuma, ndipo ndi mkulu wa mpingo mpaka lero, amati ndinayamba kuyankha akuluakulu ndisanayambe kuyenda. Nditalembedwa ntchito pa kawailesi ka m'dera lathu palibe anadabwa. Amayi a kutchalitchi anangoti, "Eya, akalongololere komweko mtsikana ameneyu, ife makutu apumeko."

Kawailesiko kanali m'nyumba ya zipinda zitatu kuseri kwa msika. Chipinda cholankhuliramo tinachimata makatoni a mazira kuti phokoso la chigayo lisamalowe, koma limalowabe. Ngakhale zinali choncho tinkamveka kuyambira ku Namitete mpaka ku Nambuma, ndipo masiku amenewo wailesi ikanena chinthu ndiye kuti chanenedwa basi. Munthu ankatha kutsutsana ndi mkazi wake tsiku lonse, koma wina akangoti "anena pa wailesi" mkangano unkathera pomwepo.

Ndinapezapo bambo wina wachikulire amene ankayang'anira mauthenga a maliro. Anthu ankabwera pa njinga, thukuta lili kamukamu, atanyamula kapepala kolembapo amene wamwalira, mudzi wake ndi tsiku loika. Bamboyo ankawerenga kapepalako pang'onopang'ono, kenako n'kuvula magalasi, n'kufunsa funso limodzi lomwelomwelo: "Kodi amayi ake amva?" Womwalirayo akakhala wamkulu ankati, "Nanga akunyumba kwawo amva?" Munthu akangochita chibwibwi, bamboyo ankatsindira kapepalako ndi mwala wosalala umene unkakhala patebulo lake, n'kunena kuti, "Pitani mukawauze kaye. Wailesi sithawa." Wina ankadandaula kuti wachokera kutali, ku Nsaru, dzuwa lonseli. Bamboyo ankangomupatsa madzi akumwa, kapepala kali pansi pa mwala.

Ife achinyamata tinkamuseka. Ine makamaka, chifukwa ndinkatha kutengera mawu ake. Wina akabwera ndi nkhani yoti mbuzi yabedwa ku Mpingu, ine ndinkavula magalasi omwe ndinalibe n'kuti, "Kodi amayi ake amva?" Anzanga ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

Kenako kunabwera mafoni a intaneti aja. Poyamba anali ndi aphunzitsi ndi a zaumoyo okha, koma posakhalitsa aliyense wogulitsa soya pa msika anali nayo. Zinthu zinatembenuka ife tikuyang'ana. Unkati wawerenga nkhani masana, wina n'kuimba foni pa pulogalamu: "Achemwali, imeneyo ndi yadzulotu, tinaiona kale pa gulu. Mulibe ina?" Zinkawawa, ndisaname. Ife amene tinkauza anthu tinasanduka obwereza zimene anthu auzana kale. Bambo wachikulire uja anapuma ntchito. Mapepala a maliro anachepa, poti anthu ankangolemba pa foni n'kuikapo chithunzi cha kandulo. Mwala wake uja tinayamba kutsekerezera chitseko kuti mphepo izilowa.

Bwana watsopano anali mnyamata wochokera kukoleji, wochangamuka, ndipo sindimunena, chifukwa zimene ankanena ine ndinkagwirizana nazo. Ankati wailesi yochedwa ndi wailesi yakufa. Tinatsegula tsamba lathu pa masamba a mchezo. Aliyense wa ife analowa m'magulu a pa foni ochuluka mmene akanathera: la alimi a fodya, la akabaza, la makwaya, la ogulitsa pa msika. Foni inayamba kulowa nafe m'chipinda cholankhuliramo, n'kumakhala pambali pa maikolofoni. Lamulo linali limodzi: tsimikiza kuti n'zoona, ukatero ulutsa ena asanatero. Ine ndinkalitha lamulo limeneli kuposa onse, ndipo ndinkanyada nazo.

Tsono ku mpingo kwathu kunali mayi wina amene anachokera ku Mulanje ndi amuna awo kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, ine ndili wamng'ono. Amuna awo anamwalira konkuno, iwo osabwerera kwawo. Mkhristu wina anawapatsa kamunda kuseri kwa dambo, n'kumangako kanyumba ndi chigafa chowumitsiramo fodya. Pamalopo panali paokha, nyumba yoyandikana nayo unkachita kukuwa kuti akumve. Mwana anawatsalira mmodzi yekha, mnyamata amene abambo anga anamuphunzitsa kuwerenga. Atakula anapita kukayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa msewu wa ku Mchinji, cha ku Njewa. Ndi iye anawagulira kawailesi koyendera dzuwa, kofiira, kokhala ndi chingwe chokolekera.

Mayiwa ankandikonda mochititsa manyazi. Ndikapita kumudzi Lamulungu ankandigwira dzanja panja pa tchalitchi osafuna kulisiya. "Mwana wa aphunzitsi, ndimakumvatu iwe! Ndimakoleka kawailesi pamtengo wa chigafa, ndikamasoka fodya iwe n'kumalongolola. Ndimakhala ngati ndili ndi munthu." Ine ndinkaseka n'kuwalonjeza moni wa pa wailesi, ndipo nthawi zambiri ndinkaiwala.

Linali Lachiwiri m'mawa, nyengo yothyola fodya. Ndinali pa pulogalamu ya nyimbo ndi moni, foni n'kunjenjemera patebulo. Pa gulu la akabaza wina anali ataponya chithunzi: njinga yamoto ili pansi pa lole yonyamula njerwa, pambali pa msewu munthu atafunditsidwa chitenje, mapazi okha akuoneka. Chitangotha chimenecho kunabwera china, chitupa cha munthuyo, wina atachigwira ndi zala ziwiri. Ndinachikulitsa. Nkhope inali ya mnyamata uja.

Apa ndiye pamene ndimafuna nditanama, koma ndinene zoona. Choyamba kubwera mumtima mwanga sichinali chisoni. Chisoni chinabwera, koma chachiwiri. Choyamba chinali chakuti: masamba ena angolemba kuti wa kabaza wafa ku Njewa, sakumudziwa, koma ine ndikumudziwa, mudzi wake ndikuudziwa, ngakhale amayi ake. Nkhani yonse ili ndi ine ndekha. Abale inu, mtima wa munthu!

Ndinakodola bwana pagalasi, n'kumuonetsa foni. Anafunsa ngati ndatsimikiza. Nyimbo ikuimba ndinaimbira amene anaponya chithunziyo. Anati inde, ali pomwepo, munthu wapita. Ndinafunsa ngati wafera pomwepo, iye anati akuganiza choncho, wangofika kumene. Kwa ine zinakwana. Funso la bambo wachikulire uja linandifika ndithu, sindinganene kuti ndinaliiwala. Ndinawuona mwala uli pachitseko. Koma ndinadziyankha ndekha mwachangu kuti nkhani ikafika pa mafoni ndiye kuti dziko lonse lamva. Chonsecho ndinkadziwa bwinobwino kuti mayiwa analibe foni yoteroyo, anali ndi kawailesi kofiira kaja.

Ndinatsitsa nyimbo. Ndinasintha mawu, kuwapanga olemera monga timachitira, n'kunena kuti nkhani yangotipeza kumene. Ndinatchula dzina lake lonse. Ndinatchula mudzi. Ndinati wafera pomwepo. Ndipo kuti anthu adziwe kuti ife nkhani timaidziwa mpaka ku mizu, ndinawonjezera kuti ndi mwana yekhayo wa mayi akutiakuti a kuseri kwa dambo. Nditatero ndinaika nyimbo ya kwaya, itatha ndinapitiriza kupereka moni kwa alimi a ku Chitukula. Bwana anandikwezera chala chachikulu pagalasi, n'kuthamangira kukalemba pa tsamba lathu.

Pulogalamu itatha abambo anandiimbira. Abambo anga saimba foni wamba, amati imatha mayunitsi pachabe.

"Wamaliza pulogalamu?"

"Eya, abambo."

"Chabwino. Ife tinatsala pang'ono kufika."

Anadula. Ndinakhala ndi foni kukhutu ndisakumvetsa, kenako ndinamvetsa.

Zinachitika n'zakuti anzake a mnyamatayo, akabaza amene anthufe timawanena kuti ndi osalongosoka, anachita zinthu mwadongosolo kundiposa ine. Ngozi itangochitika mmodzi wa iwo anafufuza nambala ya abambo, poti ankadziwa kuti ndi mkulu wa mpingo wa mayiwa. Abambo anavala jekete, n'kukatenga amayi awiri a chigwirizano, n'kuuyamba wapansi. Akanatha kuimbira munthu wa pafupi kuti akanene, koma kwathu uthenga wa mwana sauponya chomwecho. Mumapita ndi mapazi. Mukafika simunenera chiimire. Mumamuitana mayi kuchoka pa ntchito, amayi anzake amakhala wina uku wina uku, ngati ali ndi mpeni kapena khasu amamulanda mosaonetsera. Mumayamba ndi kuti mwana uja wachita ngozi. Mumamusiya afunse yekha, ayandikire yekha, kuti mawu omalizawo akamatuluka akhale ali kale m'manja mwa anthu. Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinakulira m'nyumba imene jekete lija linkatsitsidwa pa msomali kukachita zimenezi.

Abambo ndi amayi awiri aja anali atawoloka dambo, denga la chigafa likuoneka, pamene anamva kukuwa. Mmodzi wa amayi aja ndi amene anadzandifotokozera, ndipo sanandinyengerere. Anati anawaona mayiwa akutuluka m'chigafa akuthamanga, opanda mpango kumutu, kulowera ku msewu ngati kuti ku Njewa angafikeko wapansi. M'dzanja anali akadagwira singano yaikulu yosokera fodya, masamba akulendewera pa chingwe. Anapunthwa pa mzere, n'kugwa chafufumimba, singano n'kulowa m'chikhatho. Pofika abambo ndi amayiwo anawapeza akudzigubuduza m'matope okhaokha. M'chigafa kawailesi kanali kakadalankhula. "Ndiwe unkalankhula," anatero mayi wa chigwirizanoyo. "Unkapereka moni kwa anthu a ku Chitukula."

Kumaliro ndinapita, koma ndinapita ngati wakuba. Ndinadzikulunga chitenje mpaka m'maso n'kukabisala kwa amayi otunga madzi. Ndinkaopa kuti anthu andinyoza, koma chimene chinandipweteka kwambiri chinali china. Anthu ena ankandiyamikira! Bambo wina anandipeza pa mjigo n'kuti, "Ife tinamvera kwa inutu, achemwali. Masiku ano mwadzuka, mukuwapitirira a mafoni." Ndinasowa pothawira. Mayiwa ndinangowaonera patali ali m'nyumba ya siwa, dzanja lamanja atalimanga nsanza yoyera. Sindinalowe kukawapepesa. Ine amene ndimalankhula kwa anthu a maboma awiri osaphethira, ndinalephera kuwoloka bwalo limodzi.

Abambo sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. Pa mwambo wa kumanda, pofotokoza mmene uthenga unayendera monga amachitira, anangoti, "Uthenga unafika kwa amayi mwa njira ina ife tisanafike," n'kupitiriza. Anthu angapo anatembenuka kundifunafuna.

Ndinabwerera ku ntchito. Bwana anati zachitika n'zomvetsa chisoni koma nkhani inali yoona, palibe chimene tinalakwitsa, ndipo tsamba lathu linali lisanayenderedwepo ndi anthu ambiri chotero. Ndinamuyankha mwaukali, mawu oti sindingawalembe pano, koma ndikudziwa kuti ukaliwo sunali wa iye. Iye mayiwa sankawadziwa. Sanagwidwepo dzanja panja pa tchalitchi.

Patatha sabata ndi masiku abambo ananditumizira mawu kuti ndipite kumudzi Loweruka. Nditafika sanandilole n'kukhala pansi komwe. Anati, "Vala chitenje, tiye." Anatsitsa jekete pa msomali. Tinayenda njira yodutsa m'minda, iwo patsogolo ine pambuyo. Abambo akalamba, bondo limawavuta, ndipo ndinaona mmene ulendowo unalili wautali kwa iwo. Titawoloka dambo anaima pa kamtengo ka mpoza, n'kuloza pansi ndi ndodo. "Tinali pano," anatero. Kuchokera pamenepo kufika pa chigafa ndinawerenga mumtima, sipanathe mphindi zitatu.

Mayiwa tinawapeza atakhala pakhonde. Fodya m'chigafa anali atamumalizitsa amayi a mpingo. Kawailesi kanali pomwepo pamtengo, kali zii. Anatiyalira mphasa ndi dzanja limodzi. Ine ndinali nditakonza mawu anga usiku ndi usana, opepesa bwino, oyalana ngati nkhani ya pa wailesi. Titapatsana moni ndinatsegula pakamwa, koma iwo anayamba.

"Mwachita bwino kubwera, mwana wa aphunzitsi. Ndakhala ndikukudikirani." Sanandinenenso kuti iwe. "Poti ndinu munabwera ndi uthenga, ndimati mundifotokozere bwino. Tsiku lija sindinamve zonse, ndinathamanga."

Ndinawayang'ana kuti mwina akundinyogodola. Ayi ndithu. Nkhope yawo inali ya munthu amene akufunsa kuti amve. Kwathu wobweretsa uthenga ndi amene amakhala ndi nkhani yonse, ndipo kwa iwo wailesi inali isanasiye kukhala chinthu chodziwa.

"Munati anafera pomwepo. Ndiye kuti sanamve kuwawa, eti?"

Ndinati sindikudziwa bwino, amayi.

"Nanga analankhulapo kanthu?"

Sindikudziwa, amayi.

"Panali munthu womugwira mutu, kapena anangogona pa tala yekha?"

Zimenezonso sindikudziwa, amayi.

"Chitenje chimene anamufunditsa chinali cha ndani? Ndimafuna ndikamuthokoze mwini wake."

Foni inali m'chikwama changa pamiyendo, zithunzi ziwiri zija zili momwemo, mapazi ndi chitupa. Zimene ndinali nazo zinali zomwezo. Ndinayesa kunena kuti pepani, mawu anatuluka ang'onoang'ono, ndipo sindikudziwa ngati anawamva.

Abambo anakonza kukhosi. Anapempha kuti ayankhe ndi iwo. Ndipo anayamba kufotokoza, pang'onopang'ono, kuyambira pachiyambi, monga akanachitira tsiku lija. Zinapezeka kuti m'mawa umene uja, asanatsitse jekete, anamufunsa mnzake wa mnyamatayo mafunso onsewa pa foni, limodzilimodzi, chifukwa ankadziwa kuti mayi adzawafunsa. Kumaliro anaona kuti mayiwa sakanatha kumva, anangozisunga. Anati mnyamatayo sanafere pomwepo ayi, anakhalako kanthawi pang'ono. Mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anakhala pansi n'kuika mutu wake pamiyendo. Mnyamatayo anapempha madzi, mayiyo n'kumunyowetsa milomo. Anaitana amayi ake kawiri. Chitenje chinali cha mayi wa tomatoyo, anachivula m'chiuno mwake, ndipo akabaza akumudziwa, akhoza kuwaperekeza.

Mayiwa ankamvetsera akugwedeza mutu, misozi ikutsika mwakachetechete, osati kukuwa kuja. Abambo akanena chinthu iwo ankachibwereza chapansipansi. "Anamunyowetsa milomo. Anandiitana." Atamaliza anati, "Zikomo aphunzitsi. Tsopano ndamva."

Nkhuku inadutsa pamphasa, palibe anaiingitsa. Kenako mayiwa anatembenukira kwa ine. Sanakweze mawu, ndipo m'maso mwawo munalibe mkwiyo, ankangofuna kumvetsa.

"Ndiye kuti inu munalibe nkhani yake, mwana wa aphunzitsi. Munali ndi dzina lokha."

"Eya, amayi."

"Nanga munkathamangira chiyani?"

Ine wa pakamwa pothamanga uja ndinangoyang'ana dzanja lawo lomanga nsanza. Anandidikira ndithu kuti ndiyankhe, abambo nawonso anadikira, ndipo palibe mwa awiriwo amene anandithandiza.